Jekete la Bambo a Filesi

Sitima za masiku ano zilibe dalaivala. Zili ndi diso lokha kutsogolo, ndipo pa kasiteshoni kathu zimaima pokhapokha disolo likawerenga anthu asanu. Zikadutsa katatu osaima, siteshoni amaitseka.

Ife tinalipo asanu ndendende: ine, amuna anga, mwana wathu Filesi, mkamwini Witinesi ndi alamu anga a Dolika. Lachiwiri lililonse tinkaima pamenepo ndi madengu a tomato opita ku Balaka. Amuna anga atamwalira tinatsala anayi. Sitima inatidutsa kawiri, tomato n'kuola. Ulendo wachiwiriwo Witinesi anaimikapo mbuzi, sitima inangoiimbira hutala.

"Amayi, aka n'komaliza," anatero Filesi m'mawa wa Lachiwiri lotsatira.

Ndinatsegula sutikesi n'kutulutsa jekete la bambo ake, lija ankavala pokonza njanji kuyambira ku Nkaya mpaka ku Nayuchi. Linkanunkhabe girisi. Tinaliveka pamtengo wopingasa n'kulidzaza udzu, chipewa pamwamba.

"Mlamu, mwawanenepetsa," anatero a Dolika. "Achimwene analibe mimba chonchi."

"Asiyeni, kumene aliko akudya bwino."

Tinaseka, kenako ine ndinalira pang'ono.

Sitima inatulukira pakona. Inayamba kufooka, kufooka, mpaka inaima. Mawu a makina a m'sitimamo anati, "Anthu asanu. Kwerani."

Mpaka lero amaima pomwepo, mvula kaya dzuwa. Munthu amene moyo wake wonse ndinkamukalipira kuti tichedwa, pano ndiye amayamba kufika pasiteshoni.