Pansi pa Juzi ya Simeon

"Vulani juzi, bambo," anatero dokotala, Mayi Msiska.

Simeon, mphunzitsi wochokera ku Ntcheu, anazengereza. Kutentha konse kwa Okutobala ku Rumphi kuno, iye juziyo sankaivula, ngakhale m'kalasi. Ataivula pamodzi ndi malaya, anayang'ana kukhoma. Mabere ake anali atakula ngati a namwali.

Dokotalayo anawapima modekha. "Sizikuoneka ngati khansa, ndipo simunalodzedwe. Ndi mapiritsi a mtima mukumwawa, kwa amuna ena amakulitsa mabere. Tikusinthirani. Akapanda kuphwa, pali opaleshoni."

"Yewo chomene," anathokoza Simeon. Chitumbuka chake chinathera pomwepo.

"Zikadzafika pa opaleshoni, mudzabwere ndi wokudikirirani. Akazi anu alipo?"

"Ali kumudzi."

"Akudziwa?"

Simeon anavalanso malaya ndi juzi yake. Chiyambireni vutoli anali asanapondeko kwawo. Tchuthi chilichonse ankanamizira ntchito, mpaka mkazi wake, Emelda, analeka kufunsa.

Atatuluka, Simeon anakhala pabenchi yapakhonde n'kumuimbira Emelda. Foni inaitana nthawi yaitali.

"Halo?" anatero Emelda. "Ndikulankhula ndi ndani?"