Mbalame m'chikwama cha matewera

Panali mayi wina wachitsikana kuno m'tauni ya Heredia, dzina lake Xinia. Nkhaniyi ndi yoona, anandiuza ndi mnzanga amene amapemphera naye tchalitchi chimodzi. Xinia anali ndi mwana wa miyezi isanu, woyamwa, wokaniratu botolo. Chibadwire mwanayo, anali asanasiyanepo ndi amake.

Loweruka lina kunabwera mlamu wake Geiner, mkulu wa mwamuna wake, ali pa galimoto. Anati akufuna awatenge akaone phiri lofuka utsi kupaki yotetezera zachilengedwe.

"Alamu, mukufuna muchite nkhungu m'nyumbamu? Tiyeni mwanayu akapitidweko mphepo."

Xinia anaimbira foni mwamuna wake, amene anali kuntchito kumunda wa khofi. Mwamunayo anamuletsa, akuti achimwene ake sachitira munthu zabwino popanda chifukwa. Xinia anangoseka. Geiner ndi amene anaimira mwanayo pa ubatizo, ndiye akanamukayikira bwanji? Anakwera.

Kuphiriko kunali chifunga ndi kuzizira. Ataona dzenje lotuluka utsi pamwamba pa phirilo, analowa kanjira ka m'nkhalango. Mbalame za jilguero zinkaimba mbali zonse. Tonse tikudziwa kuti kugwira mbalamezi n'koletsedwa, koma alipobe azibambo amene amazisunga m'makola chifukwa cha kuimba kwake. Geiner anauza Xinia kuti akhale pabenchi ayamwitse, iye amunyamulireko chikwama cha matewera poti chinali cholemera. Analowa nacho m'tchire n'kukhalitsako. Pobwera anamuuza kuti asachitsegule, matewera anganyowe ndi chifunga.

Potuluka anapeza alonda a paki akusecha magalimoto pageti. Geiner anamunong'oneza kuti angoika chikwamacho pamiyendo, mayi wa khanda samusecha. Zinalidi choncho, mlonda wamkazi anangosuzumira n'kumwetulira. Koma nthawi yomweyo mwana anabwezera mkaka pachifuwa cha amake. Mlondayo, pofuna kuthandiza, anatsegula chikwama kuti atengemo kansalu. Anatulutsamo sokosi yachimuna ikugwedezeka. Munali masokosi atatu, m'sokosi iliyonse muli mbalame. Imodzi inali itafa kale.

Xinia anatembenuka kuyang'ana mlamu wake.

"Bwana, chikwamacho si changa, ine ndangowatenga," anatero Geiner. Kenako anapukusa mutu. "Alamu, zoona mungachite zimenezi muli ndi mwana m'manja?"

Alondawo anaitana apolisi. Apolisi atafika anati ayenera kupita ndi Xinia akafotokoze bwino, koma kumene akupitako si koyenera khanda. Anafunsa ngati panali wachibale. Geiner anatambasula manja n'kunena kuti iye ndi bambo ake aakulu a mwanayo.

Xinia anagwada pansi. Anapempha kuti bola amusiye kwa mayi wina wogulitsa zipatso za masitiroberi pageti paja, ngakhale sankamudziwa. Apolisi anati sangapereke mwana kwa mlendo wachibale ali pomwepo. Xinia anaona galimoto ya Geiner ikutsika phiri, mwana akulira m'katimo.

Anakhala kupolisi tsiku lonse, mkaka ukunyowetsa bulauzi. Mwamuna wake anamva uthenga mochedwa chifukwa kumundako foni imavuta. Atathamangira kwa mkulu wake, anapeza mwana atamugoneka pampando yekhayekha, mawu atasasa ndi kulira, milomo itauma. Geiner anali kuseri kwa nyumba, akudyetsa mbalame zake zina za m'makola.

Ineyo chimvereni nkhaniyi sindigona bwino, poti wanga nayenso ndi woyamwa.

Phunziro: Makolo anzanga, chikwama cha mwana musanyamulitse munthu, kaya ndi m'bale, kaya ndi amene anamuimira pa ubatizo. Chikachoka m'manja mwanu, chitseguleni musanapite patsogolo. Ndipo amene akumudziwa bwino munthu akakuchenjezani, mverani. Tumizani nkhaniyi kwa mayi aliyense amene ali ndi khanda, asadzalire ngati Xinia.