Madzi a Alendo

"Tseka paipi yopita kumtunda, madzi onse apite kumene adutse alendo!" analamula bwana wa kampani ya madzi.

Wokonza mapaipi anatseka mtima uli m'mwamba, poti kwawo kunali kumtunda komweko. Posakhalitsa foni inalira.

"Bambo a mwana, mpopi wangotsokomola n'kuuma. Matewerawa ndichapire malovu?" anakalipa mkazi wake.

"Pirirani, mayi. Madzi apita kwa alendo, anzathu a kampani yakunja amene akufuna kutipatsa mapampu atsopano."

Tsiku lonse wokonza mapaipi uja anangozungulirazungulira ngati nkhuku yofuna kuikira. Alendo aja atatsegula mpopi womaliza, madzi anatuluka mwamkokomo. Wamkulu wawo anagwirana chanza ndi bwana akumwetulira.

"Mwatidabwitsa! Kuno zonse zili bwino. Mapampu aja tikapereka kutauni ina."