Mabatire asanu amene Teng anabisa m'kabati

Panali munthu wina ku Changzhou, dzina lake Teng Jiahui. Nkhaniyi ndinaimva kwa mnzanga amene ankagwira naye ntchito pa fakitale ina yopanga mabatire a njinga zamoto zoyendera magetsi.

Teng anatha zaka zitatu akulimbana ndi girafini, ufa wakuda bii ngati mwaye umene amati ukalowa m'batire magetsi amathamanga. Tsiku lina m'mawa zinatheka. Batire limene anapanga linadzadza pa mphindi khumi zokha, pamene ena onse amafuna maola ambirimbiri.

Anatuluka akukuwa, batire atalifungata ngati khanda. Anzake anasiya tiyi n'kumuzungulira. Abwana anatsika okha kuchokera ku ofesi, n'kuyamba kumusisita pamsana.

"Teng, sabata yamawa tikupita nalo ku chionetsero ku Shanghai! Dziko lonse litimva!"

Koma Mayi Kuang, amene anali atagwira ntchito yoyesa mabatire kwa zaka makumi awiri, sanaombe nawo m'manja.

"Mwapanga angati?"

"Asanu ndi limodzi."

"Enawo ali kuti?"

"Ali bwinobwino, mayi."

Linali bodza. Asanu enawo anali atafufuma ngati mabanzi atangotchajidwa kangapo, ndipo Teng anawatsekera m'kabati yake, kiyi n'kuika m'thumba.

"Ndipatseni onse," anatero Mayi Kuang. "Ndiwayese miyezi iwiri, potentha ndi pozizira. Chinthuchi anthu azichikhalira."

"Miyezi iwiri? Opikisana nafe a ku Ningbo adzakhala atatidutsa kalekale. Mayi, inu mumaopa ngakhale tochi," anatero Teng.

Anthu anaseka.

Abwana ankafuna kanema wa munthu weniweni akuyenda nalo pamsewu. Teng anaimbira mlamu wake Dapeng, mwamuna wa mchemwali wake Xiaoman, amene ntchito yake inali yoperekera zakudya m'makomo pa njinga.

"Alamu, muja mumati ndimangodetsa malaya ndi mwaye, tabwerani muone!"

Atafika, Dapeng analizunguza batirelo m'manja.

"Kakang'ono chonchi? Alamu, musandiwotche nako matako. Mchemwali wanu ndi amene angalire."

"Kwerani inu, musiye zolongolola."

Masiku anayi anali a chisangalalo chokhachokha. Anzake akamadikira njinga zawo pa magetsi, Dapeng ankangomwa madzi, n'kunyamuka ulendo. Ankawaimbira huta powadutsa. Kanema uja anafalikira m'mafoni, oyendetsa njinga anayamba kudzaza pageti pa fakitale kufunsa kuti mabatirewo atuluka liti. Teng anagula suti yatsopano.

Tsiku lachisanu kunatentha kwambiri. Masana, Dapeng ali pamlatho ndi katundu wa anthu kumbuyo, anamva mpando ukuotcha. Poyang'ana pansi anaona utsi. Asanaimike n'komwe, moto unalilima pakati pa miyendo yake. Anadziponya pamsewu buluku likuyaka, ndipo woyendetsa basi wina ndi amene anamuzimitsa ndi jekete.

Anapulumuka, koma miyendo yonse iwiri inapsa koopsa. Anagona m'chipatala miyezi itatu.

Madzulo a tsiku la ngoziyo, Mayi Kuang anaitana abwana, kabati ija anaithyola. Anapeza mabatire asanu otupa, lina litang'ambika kale. Ntchito ya Teng inathera pomwepo.

Teng atapita kuchipatala anapeza Xiaoman ataima pakhomo la wodi.

"Achimwene, munkadziwa?"

Teng anayang'ana pansi.

"Ndakufunsani. Munkadziwa?"

"Ndinkayesa kuti limenelo lokha linali labwino."

Xiaoman analowa n'kutseka chitseko. Mpaka lero salankhulana.

Chopweteka n'chakuti nzeru ya Teng inali yoona. Mayi Kuang anatenga zolemba zake, n'kuyesa miyezi isanu ndi itatu. Anapeza kuti vuto linali laling'ono: ufa uja sunkaumitsidwa mokwanira. Atakonza zimenezo, batire linayenda bwino popanda ngozi. Lero likugulitsidwa, ndipo dzina la Teng palibe paliponse. Amangoziona njingazo zikumudutsa akamadikira basi.

Phunziro: Chimene chakanika kasanu usachibise chifukwa chatheka kamodzi. Wokuuza kuti dikira sakukuchitira nsanje, ndipo bodza la pantchito limakapweteka munthu amene amakukhulupirira kwambiri. Kuthamanga si kufika. Musaisunge nokha nkhaniyi, itumizeni kwa anzanu, makamaka amene amapanga zinthu zoti anthu ena azigwiritsa ntchito.