Mphini Zoletsa Anamapopa

Panali munthu wina kumudzi kwina kufupi ndi Mitundu, dzina lake Efulemu, mlimi wa fodya. Nkhaniyi ndinaimva pa mzere wa sikelo, ndipo amene anandiuzawo, zipsera za bamboyu anaziona ndi maso awo.

Zinachitika matipate atangolowa, nthawi imene aliyense ankakayikira mnzake. Pa chipatala china cha m'deralo panafika anthu a kafukufuku wa matenda a chiwindi, poti anthu ambiri ankamwalira atatupa mimba, maso ali achikasu. Ankatenga timagazi m'kabotolo kwa ofuna okha, kuti aone ngati muli kachilombo kowononga chiwindi.

Mkazi wa Efulemu, Zipora, anati, "Bambo a Pempho, tiyeni tikayezetse. Achimwene anu aja anapita ndi mimba yotupa, mpaka lero sitidziwa chinawatenga."

"Iwe khala pansi. Munthu angawotche mafuta kuchokera ku Lilongwe kudzafuna magazi a ine Efulemu popanda phindu? Ndi anamapopa amenewo, angovala zoyera basi."

Posakhalitsa m'mudzimo munatulukira bambo wina wa jekete lachikopa, akuti wachokera ku Nathenje. Palibe ankamudziwa, koma palibenso anamufunsa kwawo kwenikweni. Ankati akakutema mphini pamkono n'kupakapo mankhwala ake, magazi ako amasanduka owawa, palibe angawafunenso.

Anthu anafola pa chigafa cha Efulemu. Zipora anaima kumbuyo, Pempho ali kumsana, maso ali pa manja a mlendoyo. Lezala linali limodzi. Akatema uyu, kupukutira pa buluku, kutema wina. Kutsogolo kwa mzere kunali a Lackson, mnansi wawo, maso awo achikasu ngati a malemu alamu ake a Zipora aja.

"Pepani bambo," anatero Zipora, "kunyumba ndili ndi lezala latsopano. Ndikatenge?"

"Mayi, mphamvu ili m'lezala lomweli. Lanulo mukametere mwana."

Anthu anaseka. Efulemu anamuyang'ana ndi diso loipa. "Usandichititse manyazi pagulu iwe."

Zipora anatsina Pempho pantchafu, mwana n'kuyamba kulira. "Ii, wadziyipitsira, ndikamusinthe thewera." Anapita osabwereranso, anakabisala kwa mayi ake aang'ono mpaka mlendoyo atachoka. Efulemu anatemedwa mikono yonse, ndipo kwa masiku angapo sanamuyankhulitse mkazi wake.

Mvula itayamba, ena mwa otemedwa aja anayamba kufooka, kusanza, mkodzo ngati tiyi wopanda mkaka. A Lackson anamwalira. Efulemu anadwala pang'ono n'kudzuka, n'kumati anali malungo chabe. Amuna ena anapita ku Nathenje kukafuna mlendo uja. Kumsika anawayankha kuti, "Wajekete uja? Kunonso anatema anthu. Ifetu anatiuza kuti wachokera ku Mitundu."

Kenako Pempho anadwala malungo aakulu, zikhatho kuyera mbee. Kuchipatala, namwino wina dzina lake Idesi anati, "Mwanayu magazi amuthera. Wachibale apereke lero lomwe. Mayi akuyamwitsa, tiyambe ndi bambo."

Efulemu anapinda malaya. "Tengani onse, bola mwana wanga."

Anatenga pang'ono kukayeza, kuchipinda chomwe chija cha anthu a kafukufuku. Idesi anabwera nkhope ili pansi.

"Bambo, magazi anu sitingamupatse mwana. Muli kachilombo ka chiwindi. Mphinizi anakutemani ndani?"

Efulemu anathamanga pa njinga kukatenga malume ake a mwanayo. Nawonso mikono ili ndi mphini, nawonso anawabweza. Apa n'kuti Pempho atasiya ngakhale kulira.

Zipora anatambasula mkono wake wopanda chipsera. "Yezani anga. Kuyamwitsako tiona pambuyo."

Mwamwayi magazi ake anali abwino, ndipo anagwirizana ndi a mwanayo. M'mawa mwake Pempho anatsegula maso n'kuyamba kufuna bere.

Zipora anatuluka ndi kathonje pamkono, n'kupeza mwamuna wake atakhala pakhonde la chipatala, mutu uli m'manja.

"Mayi a Pempho, wajekete uja sananame. Magazi anga palibe akuwafuna."

Zipora anangomupatsa thewera. "Lero ndiye wadziyipitsiradi. Kachapeni."

Akuti Efulemu kachasu amene ankamwa anasiya, ndipo amapita yekha kwa anthu a kafukufuku aja kukapimitsa chiwindi chake. Akafika amapinda malaya asanamuuze.

Phunziro: Kukayikira si kulakwa, koma muzikayikira onse mofanana. Efulemu anaopa anthu amene akanatha kuwafunsa mafunso pa chipatala, n'kupereka mkono kwa munthu wosadziwika kwawo. Lezala kapena singano imene yalowa m'thupi la wina isakhudze inu kapena mwana wanu, kaya waigwira ndi ndani. Musaisunge nkhaniyi. Kauzeni anzanu pa mjigo, kuchigayo ndi ku sikelo, makamaka abambo amene samva za akazi awo.