Fyuzi ya M'thumba la Malaya

Panali munthu wina, mmisiri wokoka mawaya a magetsi m'nyumba za anthu. Ntchito ankaidziwa, moti foni yake sinkazizira. Aliyense woimba ankamuyankha mawu amodzi omwewo, mpaka anzake anamupatsa dzina loti a Ndikubwera. Amisiri akale, tsiku lopuma likakwana, ankatsekera zida m'bokosi n'kukhala pakhonde ndi ana awo. Koma uyu anatha miyezi isanu ndi iwiri osapumako ngakhale tsiku limodzi, chakudya akudyera chiimire.

Mkazi wake anadandaula kuti maso afiira, ndipo tsiku lina anasaka makiyi nyumba yonse ali nawo m'manja. Iye anangoti adzapuma ntchito zikadzachepa.

Ankagwira ntchito ndi mlamu wake, mchimwene wa mkaziyo, bambo wa ana atatu, munthu wanthabwala. Ameneyu ankamuseka kuti, "Alamu, ngakhale jenereta amaizimitsa kuti izizire. Mukadzazima nokha, mlongo wanga ndikamuuze chiyani?"

Awiriwa anali ndi lamulo lawo. Asanagwire waya, a Ndikubwera ankapita pa bokosi la magetsi, kuzula fyuzi yaikulu n'kuiika m'thumba la malaya, kuopa kuti wina angaibwezere iwo ali kudenga. Wapamakwerero ankafunsa, wapansi n'kugwira thumba, kenako n'kuyankha. Kwa zaka zisanu ndi zitatu lamuloli silinawagwiritsepo fuwa lamoto.

Tsiku lina pofika masana anali atagwira kale ntchito m'nyumba zitatu. Kunyumba yachitatu a Ndikubwera anasintha fyuzi yopsa, ndipo m'malo moitaya anaiponya m'thumba osazindikira. Atafika kunyumba yachinayi, mlamu anapempha kuti ayambe akhala pansi, amweko madzi. A Ndikubwera anakana, ati kwatsala nyumba zina ziwiri. Akupita kukazula fyuzi, foni inalira. Anaima pakhonde, anauza woimbayo kuti akubwera, n'kubwerera m'chipinda osafika pa bokosi paja.

Mlamu anali atakwera kale, pulayala ili m'manja.

"Yazulidwa, alamu?"

A Ndikubwera anagwira thumba, anamva kanthu kolimba.

"Ili muno. Dulani."

Moto unathetheka kudenga. Mlamu anagwa chagada, mutu n'kumenya pasimenti, n'kukomoka pomwepo.

Kuchipatala a Ndikubwera ankalumbira kwa aliyense kuti fyuzi anazula, ndipo ankakumbukira bwinobwino akuizula. Pofuna kuonetsa mkazi wawo umboni, anapisa m'thumba n'kuitulutsa. Inali yakuda, yopsa. Apo m'pamene anazindikira kuti zimene ankakumbukirazo zinali za kunyumba ina. Nyumba zonse zinali zitasakanikirana m'mutu mwawo.

Mlamu anatsitsimuka patatha masiku awiri, koma dokotala anati dzanja lamanja silidzagwiranso pulayala, ndipo za makwerero aiwale. Atatsegula maso anaona a Ndikubwera ataima kumiyendo kwa bedi, malaya ali omwe aja. 

"Alamu, pitani mukagone," anatero motsitsa mawu. "Ine mwandipumitsa kale."

Akuti mpaka lero mkazi wa mlamuyo sawayankha moni a Ndikubwera. Mkazi wa a Ndikubwera sanawanyozepo, koma m'mawa uliwonse amadzuka n'kupita kukathandiza kusambitsa achimwene ake. A Ndikubwera anayesa kubwerera pa ntchito kawiri, koma akangogwira waya amabwerera pa bokosi kasanu kukaonanso. Panopa foni ikalira amangoiyang'ana.

Phunziro: Munthu wotopa sadziwa kuti watopa, ndipo mutu wake umamunamiza iye ali ndi chikhulupiriro chonse. Musadikire kuti ntchito ichepe, siichepa. Pumani mukadali ndi mphamvu, chifukwa wolipira kutopa kwanu akhoza kukhala amene amakukhulupirirani kwambiri. Tumizani nkhaniyi kwa m'bale kapena mnzanu amene amati alibe nthawi yopuma, aiwerenge atakhala pansi.