Malaya a Fanizo

Wailesi itangonena kuti boma lalola kulima chamba, Esinala anasiya kupeta mapira. Anakatulutsa malaya a mwana wake Fanizo, amene anali kundende chifukwa cha timitengo ta chamba tomwe anabisa m'munda wa thonje.

"Bambo a Fanizo, popani njinga," anauza mwamuna wake, akuviika malayawo m'beseni. "Poti aloleza, mwana amutulutsa basi. Mawa mukamutenge."

Antonio anali ataimva kale nkhaniyi ku Ngabu: aloleza okhawo okhala ndi ziphaso, ndipo za omangidwa sanatchuleko n'komwe. Anatsegula pakamwa kuti anene, koma anaona mmene mkazi wake ankachapira kolala ija, pang'onopang'ono, akuimba chapansipansi.

Anaweramira pampu.

"Muchapenso buluku lake, mayi. Angachite manyazi panjira."